Kukweza FreeBSD kuchoka pa 13.5 kupita pa 14.3: nanga ma ports tiwatani?

Mwale, Rosettenville

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso lomwe ndikufuna mundiunikire ndisanakhudze kanthu, poti safunsa anadya phula. Ndikugwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo kaundula yense wa malisiti, wa otumiza ndi wa katundu amene ali pa msewu amakhala pa seva imodzi yomwe ili pansi pa desiki mu ofesi. Sevayi ikuyendera sisitemu ya FreeBSD 13.5, ndipo pamwamba pake pali nginx yotumikira masamba a pa intaneti, PHP ndi detabesi ya PostgreSQL. Munthu amene anaikhazikitsa anasiya ntchito ine ndisanabwere, ndipo sanasiye cholembedwa chilichonse. Poti nthambi ya 13 isiya kulandira zokonza kumapeto kwa Epulo 2026, abwana avomera kuti tikweze tipite pa 14.3 mu 2025 muno, nthawi ikadalipo.

Kukweza sisitemu yeniyeniyo sikukundiopsa kwenikweni, chifukwa freebsd-update ndimaidziwa. Chondidetsa nkhawa ndi mapulogalamu oonjezera. Mu crontab ya root, momwe mumalembedwa ntchito zodziyendera zokha, ndapeza mzere woyendetsa portsnap, yotsitsa ma ports, usiku uliwonse, ndipo mbiri ya malamulo ikuonetsa kuti mapulogalamu ena ankaikidwa ndi pkg install pomwe ena ankamangidwa mu /usr/ports ndi make install clean. Kodi ndiyambe kukonzanso ma ports kenako ndikweze sisitemu, kapena ndiyambe ndi sisitemu? Ndipo ma ports ogwirizana ndi 14.3 ndiwatenga kuti?

Gondwe, Midrand

Mwachita bwino kufunsa musanayambe, a Mwale. Poyamba chotsani maganizo akuti kuli ma ports a 14.3 oti mukawasake. Pa FreeBSD ma ports ndi mulu umodzi wa malangizo omangira mapulogalamu, ndipo mulu womwewo umatumikira mitundu yonse ya sisitemu imene ikuthandizidwa panthawiyo, kaya ndi 13.5 kaya 14.3. Chimene chimasiyana ndi nthambi. Pali nthambi ya main yomwe imasintha tsiku ndi tsiku, ndiye pali nthambi za miyezi itatu itatu zomwe zimadulidwa kumayambiriro kwa Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, monga 2025Q3 yomwe tilimoyi, ndipo izi zimangolandira makamaka zokonza za chitetezo ndi za mapulogalamu okana kumangika.

Ndikuganiza kuti vuto la seva yanu lagona pomwepa. Portsnap imabweretsa nthambi ya main, pomwe pkg, ngati munthu sanaisinthe, imatenga maphukusi, omwe ndi mapulogalamu omangidwa kale, ku quarterly, nthambi ya miyezi itatu ija. Tsegulani /etc/pkg/FreeBSD.conf muone mawu omaliza pa mzere wa url, kenako muone ngati mu /usr/local/etc/pkg/repos muli fayilo ina yosintha zimenezo. Mukapeza quarterly, dziwani kuti mnzanuyo ankamanga mapulogalamu a lero pamwamba pa maphukusi odulidwa miyezi yapitayo, ndipo zinkangoyenda mwa mwayi. Dziwaninso kuti portsnap inachotsedwa kuyambira pa 14.0, yomwe inatuluka mu Novembala 2023, choncho mzere wa mu crontab uja ukhala wakufa mukangokweza. Ma ports anasamukira ku Git mu 2021, ndipo masiku ano amatengedwa ku git.FreeBSD.org ndi git clone, mutatchula nthambi yomwe mukufuna.

Pa za chomwe chiyambe, freebsd-update yokha ikuuzani, bola muziwerenga zomwe ikulemba. Mukatha freebsd-update -r 14.3-RELEASE upgrade, lamulo la freebsd-update install mudzaliyendetsa katatu. Koyamba limaika kernel yatsopano basi, womwe ndi mtima wa sisitemu, ndipo mumazimitsa makina n'kuwayatsanso. Kachiwiri limaika mapulogalamu ndi malaibulale atsopano a sisitemu, koma malaibulale akale limawasiya dala, n'kukuuzani kuti mumangenso mapulogalamu onse oonjezera. Kachitatu ndi pomwe limafufuta akale aja. Ntchito yonse ya ma ports ndi maphukusi imachitika pakati pa kachiwiri ndi kachitatu. Anthu ambiri amaona ngati uthenga uja ndi wongokongoletsa, amayendetsa kachitatu nthawi yomweyo, kenako nginx imakana kudzuka ndi uthenga wakuti libssl.so.111 sikupezeka. Chifukwa chake n'chakuti 13 imabwera ndi OpenSSL 1.1.1 pomwe 14 imabwera ndi OpenSSL 3.0, ndipo laibulale yatsopanoyo dzina lake ndi libssl.so.30. Pulogalamu yomangidwa pa 13 imaitana dzina lakale, ndipo dzinalo likachoka palibe woiyankha.

Nankhoma, Braamfontein

Ndikugwirizana ndi zonse zomwe a Gondwe alemba, koma ine sindingayambe kukamba za dongosolo lokwezera tisanadziwe zomwe zili pa makinawo. Achimwene, yendetsani pkg query '%n %R' mutitumizire zotsatira. Lamuloli limalemba dzina la phukusi lililonse pamodzi ndi komwe linachokera. Lomwe linabwera ndi pkg install lidzaonetsa FreeBSD, ndipo lomwe linamangidwa pamakina pomwepo lidzaonetsa unknown-repository. Amenewo ndiwo tikuwafuna. Muonenso zomwe zili mu /etc/make.conf ndi mu /var/db/ports, chifukwa mmenemo ndi momwe mnzanuyo anasiya maganizo ake osadziwa kuti akulemba kalata kwa womulowa m'malo. Munthu samanga pulogalamu kwa maola ambiri popanda chifukwa pomwe phukusi lopangidwa kale lilipo. Pali china chomwe ankafuna, ndipo tikapanda kuchidziwa tidzachichotsa mosazindikira.

Chinanso, pali zinthu zomwe pkg sizidziwa n'komwe. Ngati wina anatsitsa pulogalamu pa intaneti n'kuimanga yekha kunja kwa ma ports, kapena anaika zoonjezera za PHP ndi pecl, za Perl ndi cpan, kapena anapanga virtualenv ya Python, zonsezo zimadaliranso malaibulale a sisitemu koma palibe lamulo la pkg lomwe lidzazikonze. Yendani mu /usr/local/bin ndi /usr/local/sbin, ndipo fayilo iliyonse yokayikitsa muifunse ndi pkg which. Ikayankha kuti sikuidziwa, ilembeni papepala.

Mwale, Rosettenville

Zikomo a Gondwe ndi achemwali a Nankhoma. Ndayang'ana monga mwanenera. Pkg ili pa quarterly, ndipo foda ya repos kulibe. Maphukusi ambiri akuonetsa FreeBSD, koma omwe akuonetsa unknown-repository ndi nginx, ImageMagick7, php83-pgsql ndi php83-pdo_pgsql. Awiri omalizawa ndi otsekedwanso ndi pkg lock. Mu /var/db/ports ndaona kuti pa nginx anayatsa BROTLI, ndipo pa ImageMagick anazimitsa X11. Mu make.conf muli mzere umodzi wokha, wakuti DEFAULT_VERSIONS+= pgsql=15, ndipo PostgreSQL yomwe ikuyenda ndi 15 yomweyo. Kunja kwa pkg sindinapeze kanthu kupatula tima script tiwiri ta sh tosunga bakapu. Za nginx ndi ImageMagick ndikuzimvetsa, koma sindikuona chifukwa chomwe anavutikira kumanga tizidutswa tiwiri ta PHP tija pomwe timapezeka pa pkg.

Gondwe, Midrand

Tizidutswa tiwiri timeneto ndiye nkhani yonse, a Mwale, ndipo mnzanuyo sanali wopusa. Maphukusi a FreeBSD amamangidwa ndi mtundu umodzi wa PostgreSQL, womwe ma ports ausankha kukhala wa aliyense panthawiyo, ndipo mtunduwo unadutsa kale 15. Choncho php83-pgsql ya ku pkg imakoka postgresql-client yatsopano, yomwe singakhale limodzi ndi postgresql15-client chifukwa zonse zimaika mafayilo a mayina ofanana pa malo amodzi. Pkg ikaona mkangano wotere imauthetsa pochotsa yakaleyo, ndipo postgresql15-server, poti imadalira yakaleyo, imachoka nayo limodzi. Deta yanu mu /var/db/postgres/data15 singafufutidwe, koma mudzakhala opanda pulogalamu yoiwerenga, ndipo seva ya mtundu watsopano siitsegula foda ya 15 isanasamutsidwe. Mukanangotsegula maloko aja n'kuyendetsa pkg-static upgrade -f, n'kudina y osawerenga mndandanda wa zochotsedwa, Lolemba m'mawa makasitomala akanafola pakhomo malisiti asakutuluka.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena satsatira. Ma ports achokeretu pa makina amenewa. M'malo mwa nginx yomanga nokha pali phukusi la nginx-full lomwe lili ndi ma module oonjezera, ndipo ImageMagick ili ndi phukusi la nox11 lopangidwa kale. Chotsala ndi PostgreSQL. Isamutseni mukadali pa 13.5, Loweruka lakelake: tulutsani zonse ndi pg_dumpall, ikani mtundu womwe pkg ikufuna, bwezeretsani deta, muone sabata yonse ngati pulogalamu ya malisiti ikuyenda bwino. Zikakhazikika, kukweza sisitemu kudzakhala ntchito ya ola limodzi kapena awiri, chifukwa palibe chomanga. Maphukusi sachokeranso kutali, popeza FreeBSD ili ndi mirror yake ya pkg, seva yosunga maphukusi omwewo, konkuno ku Joni pa JINX, ndipo pkg.FreeBSD.org imakulozerani yokha komwe kuli pafupi. Kampani ya seva imodzi ndi munthu wa makompyuta mmodzi isamadzisenzetse ntchito yomanga mapulogalamu.

Nankhoma, Braamfontein

A Gondwe, pa nginx ndi ImageMagick mwanena zoona, ngakhale kuti nginx-full imabwera ndi katundu wambiri amene a Mwale sadzamugwiritsa ntchito. Koma pa PostgreSQL ndikusiyana nanu pang'ono. Pulogalamu ya malisiti ija analemba ndani, ndipo ikakana mtundu watsopano aikonza ndani? PostgreSQL 15 inatuluka mu 2022 ndipo eni ake amathandiza mtundu uliwonse zaka zisanu, ndiye kuti ikadali ndi moyo mpaka 2027. Chomwe chili ndi tsiku lothera pafupi ndi FreeBSD 13, osati detabesi. Sindikuona chifukwa chokhudzira deta ya makasitomala chabe kuti pkg isangalale.

Njira yomwe ine ndimatsata kuntchito ndi poudriere. Imamanga ma ports mkati mwa jail yoyera, sisitemu yaing'ono yodzipatula mkati mwa makina, yomwe ili ndi FreeBSD ya mtundu womwe mwaiuza, ndipo zotuluka zake ndi maphukusi enieni oikidwa ndi pkg. Mumapanga jail ndi poudriere jail -c mutatchula 14.3-RELEASE, mumatenga ma ports ndi poudriere ports -c mutatchula nthambi ya 2025Q3, mzere wa pgsql=15 uja mumauika mu make.conf ya poudriere, ndipo zosankha za mu /var/db/ports mumazikopera ku foda yake ya options. Mndandanda wa zomanga muupeza ndi pkg prime-origins pa seva, lomwe limalemba mapulogalamu okhawo amene munthu anawaika dala, kusiya omwe anangokokedwa ndi anzawo. Ubwino wake waukulu ndi wakuti maphukusi onse a 14.3 amakhala okonzeka seva isanakhudzidwe. Port ina ikakana kumangika, mumadziwa Lachitatu masana muli phee, osati Loweruka usiku seva ili pakati pa ulendo.

Koma pali lamulo limodzi lomwe musaliphwanye. Mukayamba kugwiritsa ntchito maphukusi anu, mangani onse, ndipo a FreeBSD muwatseke polemba fayilo mu /usr/local/etc/pkg/repos yokhala ndi enabled: no. Mukasiya malo onse awiri otsegula, mwabwereranso ku chisokonezo chomwe mwachipezachi, kungoti tsopano chavala bwino. Kumanga zonse sikuyenera kukuopsani, chifukwa poudriere 3.4 ili ndi -b pa lamulo la bulk, yomwe imatsitsa maphukusi opangidwa kale ngati akufanana ndendende ndi omwe ikanamanga, ndipo izi zimakupulumutsani ku zimphona ngati llvm ndi rust zomwe zimadya maola ambiri pa kompyuta wamba. Magetsi akazima pakati pa ntchito, monga amachitira kwathu kuno popanda chenjezo, mukayendetsanso bulk imatenga maphukusi omwe inamaliza kale n'kupitiriza.

Kachingwe, Randburg

Ndalowa mochedwa, pepani. Ine ndimasamalira ma firewall a OpenBSD, ndipo ndikufuna kuchenjeza owerenga ena kuti zomwe a Gondwe ananena poyamba, zakuti mulu umodzi wa ma ports umatumikira mitundu yonse, ndi za FreeBSD. Wina asazitengere ku OpenBSD. Kumeneko mtundu watsopano umatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo ma ports amayenda ndi mtundu wa sisitemu mwendo ndi mwendo. Ngati makina ali pa 7.7, yomwe inatuluka mu Epulo 2025, ma ports ake ndi a mu ports.tar.gz ya 7.7, kapena a CVS mutatchula OPENBSD_7_7. Mukaiwala kutchula chizindikirocho pa cvs checkout mumalandira ma ports a -current, mtundu womwe ukadali kupangidwa, omwe amayembekezera sisitemu ya -current, ndipo zolemba za OpenBSD zimanena mosabisa kuti kusakaniza kotero sikuthandizidwa. Nambala za malaibulale monga libc zimakwera kawirikawiri kumeneko, ndipo eni ake sadzipatsa ntchito yosunga zakale.

Dongosolo lake ndi lalifupi. Mumawerenga tsamba la malangizo okwezera a mtundu umenewo, mumayendetsa sysupgrade yomwe inabwera ndi 6.6 mu 2019, makina akadzuka mumamaliza sysmerge ngati yasiya mafayilo oti muwaone nokha, kenako pkg_add -u. Simudumpha mtundu, mumakwera umodzi umodzi. Ngati muli ndi /usr/ports, mumaisunthira ku chizindikiro chatsopano tsiku lomwelo musanamange kanthu. Kunena zoona, pa ma firewall anga ma ports kulibe n'komwe, ndipo pa mfundo imeneyi ndili kumbali ya a Gondwe.

Kwa mayi Nankhoma ndili ndi funso limodzi. Poudriere imeneyi a Mwale aiyendetsa pa makina ati? Momwe ndikudziwira, jail singakhale ya mtundu watsopano kuposa kernel ya makina omwe yakhalapo.

Nankhoma, Braamfontein

Funso lanu ndi loyenera, bambo Kachingwe. Jail imagwiritsa ntchito kernel ya makina omwe ilipo, choncho kernel ya 14.3 ikhoza kunyamula jail ya 13.5, koma kernel ya 13.5 siyenera kunyamula jail ya 14.3, ndipo poudriere imachenjeza yokha kuti jail ndi yatsopano kuposa makina. Ndiye kuti a Mwale sangamangire pa seva yomweyo isanakwezedwe. Pakufunika kompyuta ina, ngakhale desktop yakale ya mu ofesi, yoikidwa 14.3 kuyambira pachiyambi. Kompyuta yomweyo ikhoza kugwiranso ntchito yoyeserera: ikani maphukusi omwe mwamanga, bwezeretsani bakapu ya detabesi, mutulutse lisiti limodzi loyesera. Likatuluka bwino, ndiye kuti tsiku lenileni mukungobwereza zomwe mwaziona kale.

Thoko, Auckland Park

Akuluakulu, ndiloleni ndifunse changa chaching'ono poti chikufanana ndi nkhaniyi. Pa laputopu yanga ya kusukulu ndinakweza kuchoka pa 14.2 kupita pa 14.3, komwe sikusintha nambala yaikulu, ndipo ndinamva kuti zikatero maphukusi safunika kuikidwanso. Mapulogalamu onse ankayenda, koma sikirini inkada makina akangofika pokweza drayiva ya zithunzi. Ndinayendetsa pkg upgrade ndipo inati zonse zili bwino. Nanga ngati maphukusi a 14 amagwira pa 14 iliyonse, iyi yokha inakaniranji?

Gondwe, Midrand

Zomwe unamva n'zoona, Thoko, koma n'zoona pa mapulogalamu wamba okha. Maphukusi a nthambi ya 14 amalembedwa FreeBSD:14:amd64, opanda nambala yaing'ono, ndipo amamangidwa pa mtundu wakale kwambiri mwa omwe akuthandizidwabe kuti agwire pa onse. Mtundu watsopano ukatuluka, wakale umakhalabe ndi moyo miyezi itatu. Ndiye kuti 14.3 itatuluka mu Juni 2025, maphukusi anapitirira kumangidwa pa 14.2. Kwa nginx kapena Firefox zimenezi zilibe kanthu. Koma drm-kmod, drayiva ya zithunzi ija, si pulogalamu wamba, ndi chidutswa cholowa mkati mwa kernel, ndipo chimadalira kapangidwe ka mkati komwe kamatha kusintha pakati pa 14.2 ndi 14.3. Pkg inati zonse zili bwino chifukwa nambala ya phukusi sinasinthe.

Kale yankho linali kumanga chidutswacho wekha kuchokera mu ma ports, /usr/src ili yofanana ndi kernel yomwe ikuyenda, ndipo omanga kernel yawo amaika PORTS_MODULES mu make.conf kuti zidutswa zotere zizimangidwanso nthawi imodzi ndi kernel. Panopa 14.3 imabwera ndi malo achiwiri otengako maphukusi, otchedwa FreeBSD-kmods, omwe amamangidwa molingana ndi nambala yaing'ono ya sisitemu. Yang'ana ngati mu /etc/pkg/FreeBSD.conf yako muli gawo limeneli, ndipo ngati mulimo yendetsa pkg upgrade -r FreeBSD-kmods. Nthawi ina ukamakweza, uyambe wachotsa drayivayo pa kld_list mu /etc/rc.conf, uibwezere utaikonza. A Mwale, inunso muone ndi kldstat ngati seva yanu ikukweza chidutswa chochokera mu /boot/modules. Pa seva yopanda zithunzi nthawi zambiri mulibe, koma kuona sikulipiritsa.

Mwale, Rosettenville

Mu /boot/modules mulibe kanthu. Ndalankhula ndi abwana, ndipo amene analemba pulogalamu ya malisiti sakupezekanso, choncho pakadali pano ndatsamira ku njira ya achemwali a Nankhoma, chifukwa ndikuopa kusintha detabesi popanda wokonza pulogalamuyo ikavuta. Pali desktop yomwe inasiyidwa mu stoo, ndiika 14.3 pamenepo. Funso langa lotsala ndi la pobwerera. Seva imasunga mafayilo ake pa disiki ndi ZFS, ndipo ndawerenga kuti bectl create imasunga sisitemu yonse momwe ilili, moti zinthu zikavuta ndikhoza kungosankha yakaleyo poyatsa makina. Kodi zimenezi zikukwanira? Ndawerenganso za phukusi la compat13x, lomwe akuti limabwezera malaibulale akale. Kodi silingandipeputsire ntchito yonseyi?

Kachingwe, Randburg

Za compat13x ndiyankhe ine mwachidule. Phukusili ndi ndodo yoyendera munthu wothyoka mwendo, lilipo chifukwa cha mapulogalamu omwe simungathe kuwamanganso, monga ogulidwa kwa kampani yomwe sinakupatseni source. Kuligwiritsa ntchito pa nginx yoyang'ana pa intaneti ndiye kuti mwakweza sisitemu koma mwasiya pulogalamu yomwe ili pakhomo ikudalira malaibulale a 13, pomwe eni ake a OpenSSL anasiya kuthandiza 1.1.1 mu Seputembala 2023. Inu source muli nayo ndipo makina omangira mwawapeza, choncho simukulifuna.

Gondwe, Midrand

Chisankho chanu ndachilemekeza, a Mwale, ngakhale ndikuonabe kuti mwagula ng'ombe yoti muziidyetsa miyezi itatu iliyonse. Tsiku losamutsa PostgreSQL mwangolikankhira kutsogolo, lidzafikabe.

Za bectl mverani bwino, chifukwa apa anthu amapwetekeka akuganiza kuti atetezeka. Pa kagawidwe ka ZFS komwe bsdinstall imapanga yokha, /usr/local ndi /var/db zili mkati mwa boot environment, chomwe bectl imasunga chija, pomwe /usr/ports, /usr/src, /var/log ndi mafoda a anthu zili padera. Mbali yabwino ndi yakuti mukabwerera m'mbuyo, maphukusi ndi kaundula wa pkg zimabwerera limodzi ndi sisitemu, zonse zogwirizana. Mbali yoopsa ndi yakuti /var/db/postgres nayonso ili mkati momwemo, pokhapokha mnzanu uja anaipangira dataset yakeyake, gawo lapadera la mu ZFS. Mukakweza Loweruka, ofesi n'kugwira ntchito Lolemba ndi Lachiwiri, kenako n'kubwerera ku boot environment yakale Lachitatu, detabesi idzaoneka momwe inalili Loweruka, ndipo katundu wa masiku awiri adzakhala ali pa lole koma mu kaundula mulibe. Detayo idzakhala ikadali mu boot environment inayo, koma kuitola mmenemo makasitomala akuimba foni si ntchito yosangalatsa. Onani ndi zfs list, ndipo ngati postgres ilibe dataset yake, imitsani detabesi muisamutsire ku dataset ina musanayambe china chilichonse. Poti mtundu wa PostgreSQL simukuusintha, foda yomweyo idzawerengeka mbali zonse ziwiri.

Musathamangirenso zpool upgrade ngakhale zpool status ikukunyengererani. Mukayatsa zinthu zatsopano za ZFS, sisitemu yakale ikhoza kulephera kutsegula pool, ndipo pobwerera panu patsekeka. Idikireni mpaka mutatsimikiza kuti simubwereranso, ndipo muyambe mwaika boot loader yatsopano. Onaninso shell ya root. Ngati inasinthidwa kukhala bash ya mu /usr/local/bin, ibwezereni ku /bin/sh kapena /bin/csh musanakweze, chifukwa bash ndi phukusi ngati ena onse, ndipo ikakana kudzuka mudzatsekeredwa kunja kwa makina anu omwe.

Nankhoma, Braamfontein

Ndionjezere za tsiku lenilenilo. Mukamaliza freebsd-update install yachiwiri, lozani pkg ku maphukusi anu, tsegulani maloko awiri aja ndi pkg unlock, kenako yendetsani pkg-static upgrade -f. Tikunena pkg-static chifukwa siidalira malaibulale a sisitemu, choncho imagwira ntchito ngakhale pkg wamba itasokonezeka. Werengani mndandanda wonse musanavomere, ndipo mukaona postgresql15-server pa zochotsedwa, kanani, chifukwa ndiye kuti china chikutengedwabe kwina. Zikatha, pkg check -d ikuuzeni ngati pali phukusi lomwe likusowa kanthu, ndipo ldd /usr/local/sbin/nginx ionetse libssl.so.30, osati 111. Mukaona zimenezo ndi pomwe muyendetse install yachitatu, n'kuzimitsa makina ndi kuwayatsanso kuti mutsimikize kuti zonse zimadzuka zokha. Musanamange pa desktop ija werenganinso fayilo ya UPDATING ya mu ma ports, kapena yendetsani pkg updating, chifukwa zosintha zofuna dzanja la munthu zimalembedwa mmenemo.

Mwale, Rosettenville

Ndaona ndi zfs list, ndipo a Gondwe mwalasa, postgres ilibe dataset yake. Ndiyamba ndi zimenezo Loweruka lino masana, lole ya ku Blantyre ikanyamuka ofesi n'kutsekedwa. Shell ya root ndi csh, choncho apo palibe vuto. Chomwe sindinamvetse bwino ndi cha Okutobala. Nthambi ya 2025Q4 ikadulidwa, kodi poudriere ports -u idzasamukira yokha ku nthambi yatsopanoyo?

Nankhoma, Braamfontein

Ayi, achimwene, lamulo limenelo limangokoka zatsopano za nthambi yomwe munaitchula poyamba, ndipo 2025Q3 ikasiya kulandira zokonza lidzapitiriza kuyenda bwinobwino osabweretsa kanthu, inu n'kumaganiza kuti muli pa zatsopano. Chophweka ndi kupanga mulu wina ndi poudriere ports -c, muupatse dzina lake ndi nthambi ya 2025Q4, mumange mndandanda womwe uja, muyesere pa desktop, kenako musinthe url pa seva kuti iloze ku foda yatsopanoyo. Maphukusi a 2025Q3 musawafufute mpaka atsopano atagwira ntchito sabata imodzi kapena ziwiri. Jail nayo imafuna poudriere jail -u nthawi iliyonse yomwe mwayendetsa freebsd-update pa seva, ndipo mtundu wotsatira wa 14 ukadzatuluka muyambe kukweza desktop yomangirayo, kenako jail, seva ibwere pomaliza.